Sefa Yokhala ndi Nkhope ya Mkwati

Ine ntchito yanga ndi yosesa ndi kuphika tiyi pa ofesi ya anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma makutu angawa anamaliza maphunziro onse. Munthu wonyamula thireyi saoneka. Anthu amalankhula pamaso pake ngati akulankhula pamaso pa ketulo. Ndiye zimene ndikulembazi si za kandimverere ayi. Ndinaziona ndi maso, ndipo zina ndinazichita ndi pakamwa pangapa.

Munthu amene ndikumunenayu ankakhala pa desiki ya pakona, pafupi ndi chitseko cha chipinda chozizira mmene mumakhala makompyuta aakulu ong'ung'udza aja. Pansi pa chitsekocho pankatuluka kamphepo, choncho iwo ankavala juzi chaka chonse, yofiirira, yosokedwa pa chigongono ndi ulusi wa mtundu wina. Dzina lawo lenileni ndikulidziwa, koma pa ofesi panalibe wolitchula. Tonse tinkati a Chofiira. Anawapatsa dzinalo ndine.

Ndifotokoze kaye ntchito ya pano mmene ndimaimvera. Anthu athuwa amalemba khodi, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsatira. Mapulogalamu awo amapita ku zipatala zing'onozing'ono, ndi aja amatumiza uthenga pa foni kuti mayi, mawa ndi tsiku lanu loonana ndi dokotala. Munthu akalemba khodi yake, isanasakanizidwe ndi ya anzake, imayamba yadutsa mu pulogalamu ina yoyesa. Dzina lake ndi lalitali, lopinda lilime, ndiye ine ndinkangoti sefa, mpaka abwana anatengera. Sefayo ikaona kuti zili bwino, pa sikirini pamayaka chobiriwira, ntchito yadutsa. Ikapeza chibowo, kapena wina waiwala pasiwedi poyera ngati kiyi wosiyidwa pachitseko, imatumiza uthenga wofiira wakuti bwerera ukakonze.

Woyang'anira sefayo anali a Chofiira. Bambo awo anali okonza mawotchi, moti iwo anakula akusuzumira m'mimba mwa tizinthu. Anaphunzitsako masamu pa sukulu ina, kenako anadziphunzitsa okha khodi m'mabuku obwereka. Pano anabwera kampani ili ndi anthu anayi ndi ketulo imodzi, ndipo anabwerera kudzalemba mapulogalamu ngati anzawo. Koma tsiku limene sefa inafika, abwana anati, "Tagwirizirani kaye milungu iwiri, tipeza munthu." Milungu iwiriyo inakwana zaka khumi ndi chimodzi. Abwana amenewa ine ndimawatchula a Tionamawa, ndipo chifukwa chake muchimva.

Cholakwika chinachitika tsiku loyamba lomwelo. Sefa imafuna akaunti yakeyake yolowera ndi yotumizira mauthenga, ngati wantchito wina aliyense. Kutsegula akaunti yatsopano kunkafuna fomu yosainidwa ndi abwana, ndipo abwana anali ku msonkhano. A Chofiira, posafuna kuchedwetsa anzawo, anangoilumikiza ku akaunti yawo. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse wa sefa unkabwera ndi dzina lawo ndi chithunzi chawo. Chithunzicho ndiye chinali tsoka. Anachidula ku chithunzi cha ukwati wawo: iwo ali mu suti, mano onse pamtunda, pa phewa pakuoneka kansonga ka velo ya akazi awo. Tsono taganizani. Wavutika masiku atatu, watumiza ntchito yako, pasanathe mphindi khumi pa sikirini patulukira mkwati akukusekerera, pansi pake mawu ofiira akuti zakanidwa.

M'mutu aliyense ankadziwa kuti ndi makina. Koma mtima sudziwa makina, umangoona mano. A Chofiira anasinthapo chithunzicho n'kuika cha pa chitupa, cha nkhope youma. Anthu anati taonani, tsopano ayamba kutiopseza. Anabwezerapo cha ukwati chija.

Apa ndiye pamene ndinalowerera ine. Tsiku lina m'khitchini, mtsikana wina wolemba khodi, wa magalasi aakulu, ankadandaula kuti amukana kanayi. Ine ndikutsuka makapu ndinati, "Kodi m'mawa munawapatsa moni a Chofiira? Wosapereka moni amam'fiiritsatu." Ndinkangocheza. Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa ndi bisiketi. Nditaona kuti nthabwala yamera, ndinayamba kuithirira tsiku ndi tsiku. Ndinati akadzuka atayambana ndi akazi awo, ofesi yonse imafiira. Ndinati pansi pa desiki ali ndi batani limene amaponda ndi chala chachikulu cha kuphazi. Obwera kumene ankamva zimenezi asanadziwe n'komwe kumene kuli chimbudzi, ndipo ankakhulupirira theka. Theka limenelo linali lokwanira kuti munthu azidya yekha masana, kontena yake pa miyendo, akuyang'ana khoma.

Pali chimene ndinkachidziwa ine ndekha. Wotsegula ofesi m'mawa ndine, ndipo wachiwiri kulowa anali iwo. Ankayamba kuona ngati sefa yadzuka bwino. Ankachotsa malipoti akale kuti isatupidwe, kulembetsa obwera kumene, kufufuta opita. Lolemba lililonse ankaipatsa malamulo atsopano, ndipo pa miyezi itatu iliyonse ankasintha kiyi wake. Akatha izi ankatsegula mndandanda wautali wa madandaulo a sefa. Sefatu ndi yamantha ngati galu wachilendo pakhomo. Imauwa mbava, imauwa mphaka, imauwanso pepala louluka ndi mphepo. Iwo ankawerenga dandaulo lililonse, chala chili pa sikirini, milomo ikugwedera: iyi ndi mbava, ili ndi pepala chabe. Mapepalawo ankawalemba m'kaundula wa zokhululukidwa, lililonse ndi chifukwa chake ndi tsiku lodzalionanso. Cholowa m'kaundulamo sefa sinkauwanso nacho munthu.

Tsiku lina ndikukolopa pafupi ndi mapazi awo ndinati, "Takwezani miyendo, bambo, ndingaponde batani lija."

Anakweza, akuseka pang'ono. "Mayi, lero sefa inali ndi madandaulo mazana atatu. Ofika kwa anthu akhala makumi anayi. Ine ntchito yanga ndi kuwapepesera kwa makinawa. Poti inu ndinu wailesi yathu, kalengezeni zimenezo ku khitchini kwanuko."

Ndinati ndamva. Sindinalengeze. Nkhani yoti munthu amabwera m'mawa kudzawerenga mndandanda ilibe mchere, ndani angaseke?

Iwo chimene ankafuna chinali chimodzi: anthu adziwe kuti wokana si iwo. Kangapo pa chaka ankanyamula fomu ija kupita nayo kwa abwana.

"Bwana, tiitsegulire sefa akaunti yake, nkhope yangayi ichokepo."

"Ikugwira ntchito?"

"Ikugwira."

"Ndiye musaigwedeze. Tiona mawa."

Nkhani inalowa m'nyumba pamene mlamu wawo anayamba ntchito pano. Anali mchimwene wamng'ono wa akazi awo, ndipo anamuuza za mwayi wa ntchitowo anali a Chofiira omwe. Ine ndinamutcha Kachipewa chifukwa sankavula chipewa ngakhale pamaso pa abwana. Mutu anali nawo, zala zothamanga, koma anali wa aja amatseka chitseko osayang'ana ngati chatsekeka. Sabata ina sefa inamukana kasanu ndi kawiri. Lachisanu anadzuka pa mpando n'kukaima pa desiki ya pakona ija, ofesi yonse ili tcheru, inenso thireyi ili m'manja.

"Alamu, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe, alamu. Taonani mzere uwu. Dzina la wodwala ndi nambala ya foni simunazimange pamodzi, zikhoza kusemphana."

"Bwanji osandiuza pakamwa? Lamlungu tinali limodzi, mwadya kwathu. Lero mukundisekerera pa sikirini pamaso pa anthu."

"Si ine, alamu. Ndi sefa."

"Sefa ndi imene inakwatira mlongo wanga? Velo ili pa phewayi ndi ya sefa?"

Ofesi inaphulika. Mawu amenewo ndinawanyamula ine, kuwatsitsa masitepe mpaka kwa alonda a pageti, tiyi asanazizire.

Akazi awo ndi telala, ali ndi kashopu ka makina awiri kuseri kwa siteji ya mabasi. Nthawi zina ankabweretsa kontena ya chakudya masana. Sabata yotsatira ndinawamva pa masitepe, poti masitepewo tsiku limenelo anafunika kukolopa kawiri.

"Inu abambo, mwana wa mayi anga mukumuchititsiranji manyazi? Simungangomudutsitsa?"

"Ndikamudutsitsa iyeyo, cholakwikacho chidutsanso."

"Amayi akuti simunam'konde chiyambire."

"Ndikanapanda kum'konda ndikanamuitanira ntchito?"

"Ndiye chotsani chithunzi changa pamenepo. Velo yanga isamakane abale anga."

Kuyambira pamenepo Kachipewa anasiya kupita kunyumba kwa mlongo wake. Mwana wake woyamba atabadwa, a Chofiira anamvera kwa ine. Anangoti, "Wamwamuna kapena wamkazi?" Nditawauza anagwedeza mutu n'kubwerera ku mndandanda wawo.

Chaka chotsatira kunabwera mayi wina wa sutikesi ya matayala, wolembedwa ganyu kuti aone chimene chikuchedwetsa ntchito. Anagawa mapepala oti aliyense alembe osaikapo dzina lake. Mwa anthu makumi awiri ndi awiri, khumi ndi asanu ndi awiri analemba munthu mmodzi. Inenso anandifunsa ndikumuthirira tiyi. Ndinakweza mapewa n'kuti, "Aliyense akudziwa." Pakamwa panga pali ndi mawu ambirimbiri, koma tsiku limenelo panatuluka awiri okhawo. A Tionamawa, amene fomu imodzi inawakanika zaka khumi ndi chimodzi, nkhani iyi anaigamula tsiku lomwelo. Anati sefa imayenda yokha, sifuna m'busa.

A Chofiira anapatsidwa mwezi umodzi. Tsiku lomaliza kunali keke, anthu anawomba m'manja mwachangu ngati akuthamangitsa nkhuku. Kachipewa anati ali ndi msonkhano. A Chofiira anapinda juzi, anatenga kapu yawo, ndipo asanatuluke anasiya envelopu pa desiki ya abwana, abwanawo ali panja pa foni.

Envelopu yosamata, yosiyidwa ndi munthu wochotsedwa ntchito. Inu mukanatani? Ine ndinaiika pansi pa thireyi n'kupita nayo kuseri kwa chitseko cha khitchini. Ndinkayembekeza zitonzo, maina, za uje ndi uje, chakudya cha mwezi wathunthu. Ndinapeza mapepala atatu. Pamwamba analemba ndi zilembo zazikulu kuti MUSANATSEKE AKAUNTI YANGA, SAMUTSANI SEFA. M'munsi munali ndondomeko, choyamba chitani chakuti, chachiwiri chakuti, mpaka makumi awiri ndi chimodzi. Munalibe mwano ngakhale umodzi. Mmene ndinkati ndikabweze, abwana anali atakhala kale pa mpando. Ndinaiponya pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitini cha shuga, ndikuti ndibweza mawa. Matenda a abwana athu ndi opatsirana. Zomwezo a Chofiira anawatumiziranso abwana pa imelo, koma abwana amawerenga maimelo mmene ine ndimawerengera kapepala ka m'bokosi la mankhwala.

Akaunti yawo inatsekedwa tsiku lomwelo, Lachisanu. Lolemba ofesi yonse inabiriwira. Aliyense wotumiza khodi ankadikira mphindi khumi, n'kuona chobiriwira. Zinali chonchi: khomo lodutsira ntchito linakonzedwa kuti pakapita mphindi khumi popanda wotsutsa, ntchito idutse. Sefa inali panja, kiyi wake atafa limodzi ndi akaunti. Zinali ngati m'busa akufunsa pa ukwati kuti alipo wotsutsa, pomwe wotsutsayo mwamutsekera kunja kwa tchalitchi. Koma izi tinazidziwa mochedwa.

Miyezi itatu tinadya bwino. Kachipewa ankazungulira pa mpando wake akuti, "Mwaona? Vuto linali munthu." Abwana anamata pakhoma pepala la mzere wokwera phiri. Ine ndinkati ndinanena ine. Koma ndikakwera pa mpando kukatapa shuga, kansonga ka envelopu kankandisuzumira. Za makompyuta sindizidziwa, koma zilembo zazikulu ndimatha kuwerenga.

Lachitatu lina mafoni anayamba kulira onse pamodzi. Mauthenga a ku zipatala anali atasemphana. Bambo wina analandira uthenga woti mawa abwere ku sikelo ya amayi oyembekezera, wokhala ndi dzina la mayi amene sakumudziwa. Mayi wina anauzidwa tsiku lokatenga mankhwala a munthu wina, dzina lake ndi dzina la mankhwalawo zili poyera. Zinsinsi za anthu mazana zinamwazika m'mawa umodzi, ine osatengapo mbali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga nkhani yotentha sindinaitsitsire kwa alonda. Khodi yake inali ya Kachipewa, cholakwika chake chomwe chija cha dzina ndi nambala. Mtsikana wa magalasi uja anatsegula buku la sefa kuti aone chifukwa chake sinauwe. Anawerenga mokweza tsiku lomaliza limene inagwira ntchito. Linali tsiku la keke.

Anayesa kuidzutsa tsiku lonse, inakana. Abwana anayang'ana Kachipewa n'kuti, "A Chofiira si alamu anu? Kawaitaneni." Kachipewa anapita, ndipo mlonda akuti potuluka pageti chipewa chinali m'manja.

A Chofiira anabwera mawa lake masana, atavala shati ya manja aafupi, masaya atadzadza pang'ono. Tsopano amakonza makina osokera pa shopu ya akazi awo ndi a matelala ena a mumsewumo. Sanakhale pansi. Anati, "Bwana, fomu ija." Abwana anasaina ali chiimire. Zaka khumi ndi chimodzi, siginecha ya kuphethira kumodzi.

"Ndinasiya kalata pa desiki panu," anatero.

"Ine sindinaione," anayankha abwana, ndipo tsiku limenelo ankanena zoona.

A Chofiira anangogwedeza mutu n'kupita pa desiki ya pakona. Ine ndinalowa m'khitchini, ndinakwera pa mpando, ndinapukuta fumbi ndi shuga pa envelopu. Ndinaiika pa thireyi pambali pa tiyi, masupuni awiri mmene ankakondera, ndipo ndinakaiika patsogolo pawo. Anayang'ana envelopu, kenako ine.

"Munawerenga, mayi?"

"Ndinawerenga, bambo."

"Yonse?"

"Mpaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndimafuna maina."

"Ndiye pa ofesi pano ndinu nokha munawerengapo zolemba zanga."

Bola akanandilalatira. Ndinayamba kunena kuti pepani, iwo anali atatsegula kale mapepalawo, chala pa nambala yoyamba. Ndinaima pomwepo ndi thireyi. Pa sikirini panabwera malo olemba dzina la akaunti yatsopano. Anaganiza pang'ono, n'kulemba kuti Chofiira. Pa malo a chithunzi anangosiya kabokosi kotuwa.

"Dzina munandipatsa lija," anatero osandiyang'ana, "ndalipereka kwa mwini wake."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti sakudziwa kumene linachokera.

Sefa itadzuka inauwa ngati yamva njala ya miyezi itatu. Zokhululukidwa zambiri masiku ake anali atatha, popanda wozionanso. Masikirini onse anafiira, madandaulo mazana asanu ndi limodzi ndi kena. Kachipewa anaima kumbuyo kwa mlamu wake, chipewa akuchipotokola.

"Alamu, zonsezi ndi zolakwika?"

"Ayi. Zambiri ndi mapepala ouluka. Koma wina azibwera m'mawa n'kuwerenga limodzilimodzi, apo ayi zizikufikani zonse."

"Inu mumachita zimenezi?"

"M'mawa uliwonse."

"Bwanji simunanene?"

A Chofiira anamwa tiyi. Sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako ndikukumvabe mpaka lero. Iwo akutuluka, abwana anawathamangira pa masitepe, akuti tikambirane, desiki yanu ilipobe. Iwo anati, "Tiona mawa, bwana." Sanabwerenso.

Pa desiki ya pakona pano pamakhala Kachipewa. Amalowa wachiwiri kwa ine, atavala juzi imene mlongo wake anamupatsa. Ndimamva kuti Lamlungu amapita ndi mwana kwa alamu ake, ndipo zimenezi zimandipepuza pang'ono. Mauthenga ofiira amabwera ndi kabokosi kotuwa, anthu amakatukwana n'kupita kukakonza khodi yawo, ndipo masana amadya naye Kachipewa bwinobwino.

Ine ndinayamba kulengeza, zaka zitapita. Aliyense wolowa m'khitchini ndimamuuza za mazana atatu ndi makumi anayi aja. Amamvetsera mwaulemu, maso ali pa foni. Nkhaniyi ilibe miyendo, imathera pa sinki pomwepo. Ya batani ija ndiye imayenda yokha. Mwezi watha kunabwera mayi watsopano wolemba khodi, ndipo anafunsa mnzake chifukwa chake sefa imatchedwa Chofiira. Mnzakeyo, amene anabwera a Chofiira atachoka kale, anati, "Kale kunali mdala wina wankhanza pano. Ukapanda kum'patsa moni ankaponda batani pansi pa desiki."

Ndinaika thireyi pansi. "Si choncho ayi. Batanilo ndinalipeka ndine. Munthuyo ankabwera m'mawa kudzakupepeserani."

Anayang'anana, n'kuseka pang'ono ngati ndikuyamba nthabwala ina. Kenako watsopanoyo anakweza kapu yake n'kuti, "Mayi, kulibe shuga wina?"